Chinaimitsa sitima ya anthu ya ku Mchinji n'chiyani?

Achinyamata ambiri a pa Mchinji boma amaona njanji ngati zitsulo zongodutsa m'minda. Sadziwa kuti makolo awo ankakwera sitima pano mpaka kukatsika ku Limbe.

Njanjiyi inachedwa kufika kwathu. Ku Blantyre inafika mu 1908, ku Salima mu 1935, n'kuthera pomwepo zaka zoposa 40. Likulu litasamukira ku Lilongwe, boma la Dr Kamuzu Banda, mothandizidwa ndi dziko la Canada, linaipitiriza: Lilongwe mu 1979, Mchinji mu 1980. Cholinga chachikulu chinali katundu wa ku Zambia, kuti azidutsa muno popita ku madoko a Nacala ndi Beira.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ife a ntchito za njanji timadziwa kuti ndalama ya matikiti payokha singakonze milatho, kusintha zitsulo zotha ndi kulipira antchito a m'masiteshoni. Zimene zimalipira zonsezi ndi ndalama zonyamulira fodya, feteleza, mafuta ndi chimanga. Bogi ya anthu imayenda chifukwa mabogi a katundu akubweretsa phindu. Tsono katunduyo sanabwere. Mbali ya Zambia inakhala yosamalizidwa mpaka 2010, pamene njanji ya Chipata inatsegulidwa. Nkhondo ya ku Mozambique nayo inatseka njira za ku madoko m'zaka za m'ma 1980, njanji ya Mchinji idakali yatsopano, ndipo amalonda anazolowera malole.

Njira yakenso inali yozungulira. Wopita ku Blantyre ankayamba wadzera ku Salima, kudutsa Chipoka ndi Balaka, pomwe basi imangotsata msewu wa Dedza ndi Ntcheu. Wachangu ankasankha basi. Koma mayi wa matumba a mtedza kapena mbatata, amene kondakitala wa basi amamulipiritsa thumba lililonse, sitima inali yake, ndipo ndi iye amene analuza kwambiri.

Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo sitima za anthu zinatsalira chakummwera, cha ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Mu 2003 madzi anakokolola mlatho wa Rivirivi, chigawo chapakati n'kudukiratu kwa nthawi.

Ine ndikufuna sitimayi ibwerere. Koma aphungu athu akamaipempha, ayambe ndi kumenyera kuti katundu wa ku Chipata ndi feteleza wa alimi a Mchinji ndi Kasungu aziyenda panjanji sabata iliyonse.