Ndege ya Fiat yomwe aidzutsa ku Italy, ndi zomwe zinzake zinachita kuno ku Tete

Mphwanga amaphunzira zamakaniko mu Tete, ndiye sabata yatha wabwera kugalaji kwanga ku Moatize foni ili m'manja, akuti amalume taonani izi, ndege yakalekale anthu aidzutsa. Ndinapukuta girizi nkuyang'ana. Kandege kakang'ono ka buluu, mapiko opendekera kumbuyo, kukamwa kwake kuli kunsi kwa mphuno ngati mlamba. Dzina lake Fiat G.91. Mu Juni 2023 asilikali a ndege a ku Italy amakondwerera zaka 100, ndiye anthu okonda ndege zakale pamodzi ndi amakaniko a asilikaliwo anatenga imodzi yomwe inangokhala pansi zaka zambirimbiri, nkuimasula yonse ku Piacenza, nkuimanganso mpaka inauluka pa chionetsero cha ku Pratica di Mare anthu akuwomba m'manja. Mnyamatayo maso ali ngwee. Ine mtima unagunda mwina, chifukwa dzina loti Fiat ndinayamba kulimva pakamwa pa amayi anga kwathu ku Furancungo ndisanaonepo ngakhale galimoto ya Fiat, ndipo 16 Disembala, tsiku lokumbukira anthu omwe anaphedwa ku Wiriyamu, wayandikira.

Tinakangana ndithu. Iye akuti chitsulo chilibe mlandu, ine ndikuti chabwino koma chitsulocho udziwe komwe chinayenda. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndakhala ndikuwerenga ndi kumva, ena andithandize kuweruza.

Ndinene kaye chilungamo: ndege ya buluu ija sinapondepo Mozambique, ndi ya ku Italy konko, aipenta mitundu ya gulu lawo lachionetsero la Frecce Tricolori. Zomwe zinabwera kuno ndi zibale zake zotchedwa G.91 R/4. Ndegeyi anaijambula ndi Giuseppe Gabrielli, inauluka koyamba mu 1956, ndipo NATO, mgwirizano wa zankhondo wa mayiko a azungu, imafuna kandege kopepuka, kosavuta kukonza, kotha kunyamuka pabwalo losasalala. Za R/4 zinapangidwa 50 zoti zipite ku Greece ndi Turkey, kumeneko sanazitenge, zinakathera ku West Germany, kenako 40 mwa izo Ajeremani anagulitsa kwa Apwitikizi ndipo zinayamba ntchito mu 1966. Apwitikizi anali pa ludzu la ndege za jeti chifukwa ma F-86 awo Amereka anali atawakakamiza kuwachotsa ku Guinea, yomwe lero ndi Guinea-Bissau. Ajeremani ankati ndegezi nzotetezera Portugal basi, koma boma la Salazar linkati Mozambique, Angola ndi Guinea ndi zigawo za Portugal yemweyo, kungoti zili kutsidya kwa nyanja. Mawu amodzi amenewo ndi omwe anazibweretsa kumwamba kwathu kuno. Zinayambira ku Guinea, kumapeto kwa 1968 zinafika ku Beira, kenako Nacala.

Nanga Tete zinadzatani? Cahora Bassa. FRELIMO inatsegulanso nkhondo ku Tete mu Malichi 1968 kulowera mbali ya ku Zambia, chaka chotsatira ntchito ya damu inayamba ku Songo, ndipo General Kaúlza de Arriaga ataponya mphamvu zake zonse ku Cabo Delgado mu 1970 pa nkhondo ija ankaitcha Nó Górdio, anyamata a FRELIMO anangosuntha, nkhondo nkudzakula kuno, mpaka anawoloka Zambezi kupita kumwera. Apwitikizi anaona kuti simenti ndi makina opita ku Songo zili pangozi, ndiye cha kumapeto kwa 1970 kulowa 1971 anakhazikitsa gulu lachiwiri la ma Fiat, Esquadra 702, lodzitcha Escorpiões, kapena kuti zinkhanira. Bwalo lawo linali Chingodzi. Inde Chingodzi yomweyi timakwerera ndege yopita ku Maputo, yomwe timaidutsa pa chapa tsiku ndi tsiku pakati pa Moatize ndi mlatho, nthawi imeneyo ankaitcha Aeródromo Base 7. Sizinali zokha, panali ma T-6 a injini yaphokoso, tindege ta Dornier 27 tozonda ndi kunyamula makalata ndi odwala, mahelikopita a Alouette III, ena atamangirira mfuti yaikulu ya 20 mm pakhomo, ndi ma Noratlas onyamula katundu.

Amayi anga samadziwa maina onsewa, iwo amazisiyanitsa ndi khutu. T-6 akuti umaimva ili kutali, umakhala ndi mpata wotola mwana ndi kuzimitsa moto. Helikopita imachita kukudziwitsa kuti kukubwera anthu. Koma Fiat ayi, imabwera motsika kutsata chigwa, pomwe ukuti ndamva kanthu iyo yadutsa kale pamutu, phokoso nkumabwera pambuyo ngati thambo lang'ambika. Ndikawerenga kuti imathamanga kupyola makilomita 1,000 pa ola ndimamvetsa zomwe ankanena. Akuti nthawi yomwe anakana kulowa mu aldeamento, midzi yampanda ija Apwitikizi amaunjikamo anthu kuti asadyetse FRELIMO, nkukabisala kumapiri, nsima amaphika usiku basi kuopa utsi, nsalu yoyera sumayanika poyera, ngakhale tambala amamupha kuti asalire. Abale ena anathawira ku Dedza, ena ku Zambia. Pamphuno pa Fiat panali makamera atatu, m'mbali mfuti zinayi za 12.7 mm, kunsi kwa mapiko mabomba kapena maroketi, ndiye ndege yomweyo imajambula munda lero nkudzauphulitsa mawa.

Tsopano tsiku lomwe ine ndimati ndi pomwe zinthu zinakhotera. Loweruka pa 16 Disembala 1972, kumwera kwa mzinda wa Tete, mtunda wosafika ola pagalimoto, kudera la anzathu olankhula Chinyungwe. Midzi isanu: Wiriyamu, Juwau, Djemusse, Riachu ndi Chawola. Apwitikizi anaitcha Operação Marosca. Zinayamba ndi ndege, ma Fiat awiri anaponya mabomba kuzungulira, kenako mahelikopita anatsitsa makomando a kampani ya nambala 6 pamodzi ndi anthu a DGS, polisi yachinsinsi ya Apwitikizi yomwe tonse timaidziwa ndi dzina lakale la PIDE. Zomwe zinatsatira sizinachitike kuchokera kumwamba, zinachitika pamaso ndi pamaso. Anthu anawasonkhanitsa pabwalo, ena kuwawombera, ena kuwatsekera m'nyumba nkuponyamo magirinedi nkuyatsa, amayi, ana, nkhalamba. Ku Chawola anaunjika mitembo nkuitentha ndipo mwa anthu ochepa omwe anatuluka mu muluwo ali moyo ndi omwe anakafika kuchipatala cha Tete nkuyamba kufotokoza.

Apa ndi pomwe munthu uyenera kusamala kuti ukukhulupirira ndani. Mbali imodzi kuli ansembe. Bambo Domingos Ferrão, wansembe wakuda wa konkuno, ndi anzake analemba maina a omwalira mmodzimmodzi kuchokera kwa opulumuka, ansembe a ku Spain otchedwa a Burgos nkutulutsa lipotilo kunja mobisa, mpaka linafika kwa wansembe wa ku England, Adrian Hastings, yemwe analitulutsa mu nyuzipepala ya The Times ya ku London pa 10 Julaye 1973, kutatsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, mtsogoleri wa boma la Portugal nthawiyo, akacheze ku London. Mbali inayo kuli boma la Lisbon lomwe linayamba nkunena kuti malo otchedwa Wiriyamu kulibe, pamapu sakuoneka. Midzi yathu ingati inali pamapu awo? Lipoti loyamba limanena anthu pafupifupi 400. Patapita zaka zambiri wofufuza mbiri Mustafah Dhada, wobadwira mu Mozambique momwemuno, anayenda nkumafunsa anthu ambiri ndipo anafika pa 385 odziwika maina, osawerenga omwe anafa masiku otsatira akusakidwa m'tchire kapena pofunsidwa mafunso. Ine ndimatsamira pa chiwerengero chimenechi chifukwa kuseri kwake kuli maina, ndipo chimagwirizana ndi zomwe ansembe analemba nkhani ikadali yamoto. Chinanso, Antonino Melo yemwe anatsogolera makomando tsikulo anadzavomera yekha, mpaka anabwerera ku Wiriyamu kukaonana ndi opulumuka ndi kupepesa. Ndipo mu Sepitembala 2022 nduna yaikulu ya Portugal António Costa ananena ku Maputo kuti chinali chinthu chosakhululukika chonyazitsa mbiri ya dziko lake. Zinatenga zaka pafupifupi 50 kuti mawu amenewo atuluke.

Chomwe chimandivuta ndi gawo la ndege. Za makomando zalembedwa zambiri, za oyendetsa ma Fiat awiri aja nkhani imangodutsa mzere umodzi kapena iwiri. Kodi munthu yemwe ali yekha m'kandege akuthamanga chonchija amaona chani pansi? Akhoza kunena kuti anamuuza kuti pali msasa wa adani ndipo iye anaponya pomwe anamulozera. Sindikumuika pamuyeso umodzi ndi yemwe anatseka chitseko cha nyumba nkuyatsa udzu. Enanso anali anyamata achichepere ndipo imfa imawapeza nawonso, Fiat imodzi yomwe inawonongeka pankhondo mu Mozambique, nambala 5429, inaphulika ndi mabomba ake omwe mu Malichi 1973 woyendetsa wake nkufera pomwepo. Komabe amene anali pansi Loweruka lija chinthu choyamba chomwe anamva ndi injini imeneyo.

Zotsalazo nzachidule. Mu 1973 mizinga yonyamula paphewa ya Strela inayamba kugwetsa ma Fiat ku Guinea, kunonso FRELIMO inailandira, ndiye oyendetsa anasintha kaulukidwe ndipo ndegezo anazipaka utoto wobiriwira wosawala. Pa 25 Epulo 1974 asilikali anagwetsa boma ku Lisbon, pa 7 Sepitembala anasaina pangano lothetsa nkhondo ku Lusaka, ufulu nkubwera pa 25 Juni 1975. Ma Fiat anawapakira kubwerera kwawo, anagwirabe ntchito mpaka 1993, Alouette III nde inafika mpaka 2020. Lero ukapita ku Museu do Ar ku Sintra ukaziona zitaima zoyera bwino, Fiat, T-6, Dornier, Alouette, Noratlas, banja lonse la pa Chingodzi.

Ndiye funso la mphwanga, akuti amalume ndiye mukufuna aziphwanye? Ayi ndithu. Ine ndine makaniko, ndikudziwa tanthauzo lodzutsa injini yomwe yagona zaka 5 zokha, nanji ndege. Anthu amenewa ambiri salipidwa, ena ndi madala opuma ntchito omwe amapereka Loweruka lawo lonse. Amachotsa penti yense kuti aone pomwe aluminiyamu wadyeka, chifukwa iye sachita dzimbiri lofiira ngati chasisi ya lole, amachita kaufa koyera kobisala pansi pa ma riveti, ndipo riveti iliyonse yokayikitsa amaiboola nkuika ina. Ma raba onse, ma silo, mapaipi a mafuta ndi a hayidiroliki amakhala atauma, waya watetemera. Injini yake ya Orpheus inasiya kalekale kupangidwa ndiye sipeya ukaipeza m'ndege ina yakufa kapena uchite kusula. Mpando wa woyendetsa uli ndi zophulika zomuponyera kunja pangozi, zimenezonso zimatha nthawi. Ntchito yotere ndimaivulira chipewa.

Koma chomwe ndaphunzira kwa iwo omwewo ndi ichi, kuti anthu okonza ndege ndi anthu a mapepala. Ndege siili ngati minibasi yoti injini yachokera uku giyabokosi uko palibe akudziwa. Iliyonse ili ndi nambala, za Apwitikizi zija zinali 5401 mpaka 5440, ili ndi buku lake lolembamo maola omwe yauluka ndi pomwe yakonzedwa, woyendetsanso ali ndi buku lake. Wokonza weniweni amatha miyezi akufufuza kuti chaka chakuti ndegeyi inali ndi utoto wanji, chizindikiro cha chinkhanira chinali mbali iti, kuti asalakwitse ngakhale pang'ono. Ngati khama limenelo lilipo pa utoto, lingathenso kupita pa funso loti ndege iyi mu Disembala 1972 inali bwalo liti, ndipo kachikwangwani kakutsogolo kwake, pambali pa liwiro ndi kulemera kwake, kalembedwenso kuti Tete, Chingodzi, ndi maina a midzi isanu ija. Sindikuti onse sachita, ku Portugal komweko kuli atolankhani ndi asilikali akale omwe alankhula zowawa kuposa zomwe ndalemba panozi. Ndikungoti malo abwino onenera ndi pomwe mwana wasukulu waima akusisita phiko.

Ndipo mlandu wina ndi wathu. Ku Wiriyamu kuli chipilala, anthu amasonkhana chaka ndi chaka, koma mphwangayu wakulira mu Tete ndipo samadziwa kuti pa Chingodzi pananyamukapo ndege zankhondo. Kwathu kuno chitsulo chakale sichikhalitsa, a sukata ogula zitsulo zakutha amadutsa ndi sikelo, aluminiyamu amakathera kwa osungunula mapoto. Ine ndikanakonda Fiat imodzi mwa 40 zija, ngakhale yopanda injini, idzaime kuno, anyamata athu a zamakaniko aikonze ndi manja awo, aipake utoto womwe inali nawo nthawi imeneyo, pafupi pake pakhale maina 385.

Lamulungu tinakwera kupita ku Furancungo, mphwanga anati akawaonetse agogo ake vidiyo ija. Ine ndinakayika koma anaumirira. Maso awo saonanso bwino ndiye foni sanaiyang'ane nkomwe, anangotchera khutu ali pamkeka akusola nyemba. Injini itangoyamba kulira manja anaima. Anati ndi imeneyo, tsitsa. Mnyamatayo anatsitsa. Patapita kanthawi anafunsa kuti ikupita kuti, iye nkuwauza kuti sikupita kulikonse agogo, ikungozungulira anthu aione kenako itera. Anati oho, nkupitiriza nyemba zawo. Pobwerera mu chapa mphwanga sanalankhule mpaka tatsala pang'ono kufika ku Matema, kenako anandifunsa kuti pa 16 galaji ndingatseke, akufuna tikafike ku Wiriyamu m'mawa mwambo usanayambe.