Boti la rimoti siliima lokha siginolo ikatayika

Anthu ambiri akagula boti lamagetsi loyendetsa ndi rimoti amangoganiza kuti siginolo ikaduka ndiye kuti mota iima yokha, eti poti mawailesi a 2.4GHz (rimoti ndi kachipangizo kake kolandira siginolo) ndi anzeru. Ayi ndithu, si onse. Ma receiver ena, tizipangizo ta m'boti tolandira siginolo, akasiya kumva rimoti amangogwira pomwe throttle (choperekera moto ku mota) inali komaliza, ndiye ngati munali mutapereka moto wonse boti limangopitabe mpaka kukadziwomba pagombe kapena pa munthu wosambira, propela ili mkati mozungulira.

Failsafe, yomwe imauza receiver chochita siginolo ikatayika, mumaika nokha, pa mawailesi ambiri zimachitika nthawi yochita bind, kutanthauza kulumikiza rimoti ndi receiver. Poika failsafe throttle ikhale pa neutral, pomwe mota siizungulira, pa ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota) yoyenda kutsogolo ndi kumbuyo imeneyo ndi siginolo ya 1500 microseconds. Mukatero yesani pamtunda, boti pa sitandi, zala kutali ndi propela, perekani moto pang'ono kenako zimitsani rimoti. Mota ikapanda kuima musaliike m'madzi, bwererani mukakonze. Koma musachedwe nako kuyesako, mota ndi ESC za maboti ambiri zimazizira ndi madzi ndiye pamtunda zimatentha msanga.

Komanso 2.4GHz siidutsa bwino m'madzi ngakhale mu carbon fibre yomwe amapangira maboti ena, ndiye antena ya receiver itulukire pamwamba osati kuipinda pansi pafupi ndi batire.

China chomwe anthu amachisokoneza ndi failsafe ndi low voltage cutoff ija imadula moto batire ya LiPo ikatsika cha m'ma 3.2V pa selo iliyonse ya batireyo. Ija imangoteteza batire basi, za siginolo sizikuikhudza olo pang'ono.