Nkhondo imene sinathe: kumene mizinga ya North Korea inachokera

Masana ena ndili pakhonde la telala pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, kudikira kuti andipindire thalauza, wailesi inanena kuti North Korea yaponyanso mzinga m'nyanja. Telalayo sanasiye n'komwe kupalasa makina. Anangoti, "Wayambanso wamisala uja." Bambo ena achikulire amene anakhala pabenchi, ambulera ili pakati pa miyendo, anapukusa mutu. "Achimwene, wamisala satha zaka makumi atatu akusula chinthu chimodzi. Galu wamkota sakandira pachabe." Ndinalipira n'kumapita, koma mawuwo ananditsatira mpaka kunyumba. Ine ndikuona kuti bambo aja ndiwo analondola, ndipo nkhaniyi inayamba kale Kim Jong Un, mtsogoleri wa dzikolo, asanabadwe.

Kwa zaka mazanamazana Korea linali dziko limodzi, la chiyankhulo chimodzi. Japan inalilanda mu 1910 n'kulilamulira mwankhanza mpaka 1945. Nkhondo imene inagwetsa Japan si yachilendo kwa ife a ku Zomba kuno, pakuti asilikali a KAR ochokera m'dziko muno anakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma. Japan itagonja mu Ogasiti 1945, mabomba atagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki, athuwo anabwerera kumudzi. Akorea ankayesa kuti nawonso apumula. M'malo mwake America ndi Soviet Union anatsata mzere wa nambala 38 pamapu n'kugawana dzikolo, kumpoto asilikali a Stalin, kummwera a America. Ife amene tili ndi abale tsidya la Nyanja ya Chilwa ku Mozambique timaidziwa mizere yojambulidwa ndi alendo. Kusiyana kwake n'kwakuti wathuwu timawoloka ndi njinga, thumba la chimanga lili pakaliyala, pamene wa ku Korea anaumangira waya waminga n'kukwirira mabomba pansi.

Pofika 1948 kunali maboma awiri, lililonse likudzitcha mwini Korea yense: Syngman Rhee ku Seoul, Kim Il Sung ku Pyongyang. Pa 25 Juni 1950 Kim, atapeza chilolezo cha Stalin, anatumiza asilikali ake kummwera. Mfundo iyi tisaibise: anayamba nkhondo ndi iyeyo. Bungwe la United Nations linatumiza gulu lankhondo lotsogozedwa ndi America, ndipo mu Africa muno Ethiopia inaperekako asilikali. Amene anawatumiza ndi Haile Selassie yemwe uja dzina lake linatsala paphiri lathu, pa Emperor's View. Gululo litakankha a kumpoto mpaka kufupi ndi malire a China, nayo China inalowerera mu Okutobala chaka chomwecho, nkhondo n'kubwerera pafupifupi pamene inayambira.

Zimene zinachitika m'zaka zitatu zimenezo ndizo muzu wa zonse. Anthu oposa mamiliyoni awiri anafa, ambiri mwa iwo anthu wamba. Ndege za America zinaphwasula pafupifupi mzinda uliwonse wa kumpoto, anthu n'kumagona m'mapanga ndi m'maenje, ndipo mu 1953 zinaphulitsanso madamu othirira minda ya mpunga. Mu Novembala 1950 Pulezidenti Truman wa America anauza atolankhani kuti bomba la atomiki lili m'gulu la zida zimene akuziganizira. Nkhondo itafika potopetsa onse, pa 27 Julayi 1953 anasainirana ku Panmunjom pangano longosiya kuwomberana. Silinali pangano la mtendere, ndipo South Korea sinasaine n'komwe. Mpaka lero, pamapepala, nkhondoyo ilipobe. Pakati pawo pali mkwasa wa malo wa makilomita anayi m'lifupi ndi pafupifupi 250 m'litali. Kuyambira 1958 mpaka 1991 America inasunga zida za nyukiliya ku South Korea, ndipo asilikali ake pafupifupi 28,500 akadali komweko. Mwana wa ku Pyongyang amaphunzitsidwa zimenezi kuyambira ku mkaka, ndipo boma limaonjezera nsinjiro zake, koma si zonse zimene zili zabodza.

Ntchito ya nyukiliya inayamba mwakachetechete pamalo otchedwa Yongbyon. M'zaka za m'ma 1960 Soviet Union inawapatsa kang'anjo kakang'ono ka nyukiliya kophunzirirapo. Pofika 1986 anali atamanga yawoyawo, yogwiritsa ntchito yureniyamu wokumbidwa m'migodi yawo. Pano mpofunika kumvetsa, chifukwa nafenso tili ndi yureniyamu ku Kayelekera ndipo ena amayesa kuti mwala umenewo ndiwo bomba. Ayi ndithu. Njira zopangira bomba zilipo ziwiri. Yoyamba n'kuwotcha yureniyamu m'ng'anjo yotereyi, kenako kuchotsa m'zotsalira zake chitsulo china chotchedwa plutonium, chomwe makilogalamu ochepa okha amakwana bomba limodzi. Yachiwiri n'kupeta yureniyamuyo m'makina masauzande ozungulira mwaliwiro loopsa, monga mayi apetera mphale, mpaka patsale kagawo kochepa kamene kamaphulika. North Korea inayamba ndi njira yoyamba, pambuyo pake inapeza yachiwiri mothandizidwa ndi gulu la wasayansi wa ku Pakistan, A.Q. Khan. Mizinga nayo sanaiyambe okha. Anapeza ya mtundu wa Scud kuchokera ku Egypt, n'kuimasula chidutswa ndi chidutswa monga amachitira amakaniko a pa Matawale, kenako n'kumapanga yawo ndi kugulitsa ku Iran, Syria ndi kwina.

Chaka chimene chimandichititsa chidwi ndi 1994, chifukwa chinatikhudza tonse. Amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi sitifunika kufotokozeredwa zambiri za dziko ngati limenelo. Tikukumbuka kufunsidwa khadi pachipata cha msika, nkhope ya munthu mmodzi pansalu ndi pachifuwa, ndi dzina la Mikuyu limene tinkalitchula monong'ona ngakhale ndendeyo ili pakhomo pathu pomwe. Sindikuti Kamuzu ndi Kim anali amodzi. Kwathu kuno alendo ankabwera, makalata ankafika, anthu ankapita ku Joni. Koma onse awiri ankasamalidwa ndi mayiko akuluakulu chifukwa cha mkangano wa America ndi Soviet Union, ndipo mkanganowo utatha onse awiri anapezeka ali okha. Kamuzu, thandizo litaimitsidwa, analola riferendamu ya 1993 ndipo mu Meyi 1994 anagonja pa chisankho. Kim Il Sung anaona Moscow ikugwirana chanza ndi Seoul mu 1990, Beijing mu 1992, mafuta otchipa n'kusiya kubwera. Anamwalira pa 8 Julayi 1994 ufumu n'kupita kwa mwana wake Kim Jong Il, ndipo mu 1998 malemuwo anatchedwa pulezidenti wamuyaya. Ife wamuyaya wathu tinamuchotsa ali moyo, iwo anamuika atafa kale.

M'chaka cha 1994 chomwecho nkhondo inatsala pang'ono kubuka. North Korea inali itasaina pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1985, koma oyendera atayamba kukayikira kuchuluka kwa plutonium amene anabisa, inaopseza kutulukamo mu 1993. America inaganizira zophulitsa Yongbyon. Chinaigwira dzanja ndi malo amene mzinda wa Seoul uli: uli pafupi ndi malire kuposa mmene Blantyre alili ndi Zomba, ndipo m'mapiri a kumpoto muli mifuti ikuluikulu yambirimbiri yolozetsa kumeneko. Pulezidenti wakale wa America, Jimmy Carter, anapita ku Pyongyang mu Juni 1994, ndipo mu Okutobala ku Geneva anapangana kuti North Korea itseke Yongbyon, ipatsidwe ng'anjo ziwiri zamagetsi zovuta kupangira bomba, komanso matani 500,000 a mafuta chaka chilichonse.

Kenako kunagwa njala. Madzi osefukira a 1995 anapeza ulimi utafooka kale chifukwa chosowa feteleza ndi mafuta, ndipo chakudya chimene boma linkagawa chinasiya kufika, makamaka m'zigawo za kumpoto chakum'mawa. Ofufuza ambiri amati anafa anthu pakati pa 600,000 ndi miliyoni imodzi, ena amatchula oposa pamenepo. Amene tinaona 2002, anthu akudya zitsinde za nthochi ndi gaga, tikudziwa kuti manambala otere amatanthauza chiyani pakhomo. Kim Jong Il anayankha ndi mfundo yoti asilikali ndiwo oyamba pa chilichonse. Mu Ogasiti 1998, njala isanathe, anaponya mzinga wa Taepodong kudutsa pamwamba pa Japan. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amamvera boma limenelo chisoni pongoti ndi laling'ono lolimbana ndi wamkulu. Mantha a dzikolo ndi enieni, inde, koma chimene mizingayo imateteza poyamba ndi mpando wa banja limodzi, ndipo olipira ake sanafunsidwepo.

Pangano la 1994 linafa pang'onopang'ono, onse awiri ali ndi mbali yawo. Mafuta ankachedwa, ng'anjo zija sizinamalizidwe, nayo North Korea inali ikutsata njira yachiwiri ija mobisa. Mu Januwale 2002 George W. Bush anaiika pamodzi ndi Iraq ndi Iran monga mayiko oipa, mu Okutobala America inaiimba mlandu wa yureniyamu, ndipo mu Januwale 2003 inatuluka m'pangano loletsa zida lija. Patangopita miyezi iwiri Iraq inaukiridwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho Gaddafi wa ku Libya anavomera kupereka zipangizo zake zonse za nyukiliya kuti ayanjane ndi azungu, ndipo mu 2011 anaphedwa ndi anthu ake, ndege za NATO zitawatsegulira njira. Akuluakulu a ku Pyongyang akhala akutchula Libya poyera monga phunziro lawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pali chitsanzo china cha kwathu kuno, cha South Africa imene inapanga mabomba asanu ndi limodzi n'kuwaphwasula yokha, Pulezidenti de Klerk n'kuulula mu 1993. Koma kumeneko olamulirawo anali atavomera kale kuti akuchoka, chimene banja la Kim silinalotepo.

Bomba loyamba analiphulitsa pansi pa phiri ku Punggye-ri pa 9 Okutobala 2006, zokambirana za mayiko asanu ndi limodzi ku Beijing zoti dzikolo lisiye zida za nyukiliya zili mkati mokokanakokana. Lachiwiri mu 2009. Kim Jong Un atalowa ufumu kumapeto kwa 2011 anathamangitsa zinthu: 2013, kawiri mu 2016, ndi lalikulu kuposa onse pa 3 Sepitembala 2017. United Nations inaletsa dzikolo kugulitsa malasha, nsomba ndi zovala, koma malonda ake pafupifupi onse amadzera ku China, ndipo China sifuna kuti nyumba ya mnansi igwe, othawa adzaze pakhomo pake ndi asilikali a America afike pamtsinje wa Yalu, umene uli malire ake ndi North Korea.

Telala uja akamva kuti mzinga wagwera m'nyanja amayesa kuti walephera. Si choncho. Amaulozetsa dala m'mwamba, monga mnyamata wa legeni amene akufuna kuona mphamvu ya mphira wake popanda kuswa galasi la aneba. Mzinga wa Hwasong-15 umene anauyesa mu Novembala 2017 unakwera makilomita pafupifupi 4,500 n'kugwa pamtunda wosakwana 1,000 kuchokera pomwe unanyamukira. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ndi makilomita atatu okha kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Akatswiri anawerengera kuti atauponya chogoneka ukhoza kufika kulikonse mu America. Mu 2023 anayesa Hwasong-18, wa mafuta olimba oikidwiratu mkati, umene sufuna maola ambiri othira mafuta poyera pamene adani angauone. Choncho kuyesa kulikonse kuli ndi ntchito yake: kuona ngati chipangizo chatsopano chikugwira, kukumbutsa Washington ndi Seoul makamaka nthawi imene asilikali awo akuchitira limodzi zokonzekera nkhondo, ndi kuonetsa anthu a m'dzikomo kumene thukuta lawo likupita. Ukaipa dziwa nyimbo. Dziko limene chuma chake n'chochepa maulendo makumimakumi poyerekeza ndi cha South Korea linapeza chinthu chimodzi chopangitsa kuti pulezidenti wa America akwere ndege kukakumana ndi mtsogoleri wake.

Ndipo anakweradi. Donald Trump, yemwe mu 2017 ankaopseza ndi moto, anakumana ndi Kim ku Singapore mu Juni 2018. Ku Hanoi mu Febuluwale 2019 anasiyana osadya n'chakudya chomwe anawakonzera: Kim ankapereka Yongbyon posinthana ndi kuchotsedwa kwa zilango zikuluzikulu, America inkafuna zoposa pamenepo. Kuchokera apo Kim anatembenukira kwina. Mu 2022 anakhazikitsa lamulo lonena nthawi imene angagwiritse ntchito zidazo, mu 2023 anazilemba m'malamulo aakulu a dziko, ndipo mu Juni 2024 Putin anafika ku Pyongyang kukasaina pangano lotetezana. Miyezi ingapo pambuyo pake anyamata a ku North Korea anali akumenya nkhondo ya Russia m'chigawo cha Kursk.

Chimene ambiri kuno sanachimve ndi chimene chinachitika mu Januwale 2024. Kwa zaka zoposa 70 maboma onse awiri, ngakhale pa udani woopsa, ankanena kuti Akorea ndi mtundu umodzi ndipo tsiku lina adzabwererana. Mwezi umenewo Kim Jong Un analengeza kuti za kubwererana zatha, South Korea ndi dziko lina ndiponso mdani wamkulu. Chipilala chachikulu cha amayi awiri ogwirizira mapu a Korea yense, chimene bambo ake anamanga polowera mu Pyongyang, chinagwetsedwa. Mu Okutobala asilikali ake anaphulitsa misewu ndi njanji zolowera kummwera, njira zomwe zinamangidwa m'zaka za chiyanjano ndi ndalama za ngongole zochokera ku Seoul.