Dzina loti White House linachokera ku laimu, osati ku khungu

Mwana wina wa m'kalasi langa la mbiri yakale anandifunsa tsiku lina kuti, “Aphunzitsi, kodi nyumba ya pulezidenti wa ku America amaitchula White House chifukwa ndi ya azungu?” Anzake anaseka, koma ine sindinaseke, pakuti funsoli ndi lomveka. M'Chingerezi, liwu loti white limanena za chinthu choyera komanso za mzungu. Ifeyo timasiyanitsa: khoma limakhala loyera, munthu amakhala mzungu. Kwa iwo ndi liwu limodzi, n'chifukwa chake anthu amakayikira.

Yankho lake lili m'miyala. Ntchito yomanga nyumbayi inayamba mu 1792 mumzinda wa Washington, potsatira pulani ya James Hoban, mmisiri wochokera ku Ireland. Miyala yake inkakumbidwa ku Aquia Creek m'chigawo cha Virginia. Ndi miyala yamchengamchenga, yomwa madzi. Kumeneko nyengo yozizira madzi amaundana, ndipo akaundana ali m'kati mwa mwala amaung'amba. Choncho mu 1798 amisiri anapaka makoma onse laimu kuti madzi asamalowe. Aliyense amene anapakapo njereza nyumba yake akudziwa mmene imawalira dzuwa likaswa mtengo. Ndiye ganizirani chinyumba chachikulu choyera mbee pakati pa nyumba za njerwa zofiira ndi misewu yamatope. Anthu sakanalephera kuchipatsa dzina.

Pali nkhani ina imene yafala, yoti nyumbayi anaipaka utoto woyera pobisa mwaye asilikali a Britain ataitentha mu Ogasiti 1814. Zoitenthazo n'zoona. Koma dzinali linalipo kale moto usanabuke, ndipo likupezeka m'makalata olembedwa zaka zingapo 1814 isanafike.

Kwa zaka pafupifupi 100, White House linali dzina la pakamwa chabe. Boma linkalemba kuti President's House, kenaka Executive Mansion. Amene analikhazikitsa pa zikalata za boma ndi pulezidenti Theodore Roosevelt, mu Okutobala 1901.

Mwezi umenewu ndi umene ndimafuna kuti ana anga aumvetse bwino. Pa 16 Okutobala 1901, Roosevelt anaitana Booker T. Washington, mphunzitsi wotchuka wachikuda amene anabadwira mu ukapolo, kuti adzadye naye chakudya chamadzulo pamodzi ndi banja lake. Nkhani itamveka, nyuzipepala ndi andale a zigawo zakummwera anakalipa koopsa. Ena anatenga liwu lomwe lija n'kulipotoza: ati nyumba yoyera ndi ya anthu oyera khungu, munthu wakuda alibe mpando pa tebulo lake. Roosevelt anapitirizabe kufunsira nzeru kwa Washington, koma sanamuitanenso ku chakudya. Mu 1929 phokoso lomweli linabukanso pamene mkazi wa pulezidenti Herbert Hoover anamwa tiyi ndi Jessie De Priest, mkazi wa phungu wachikuda wa ku Chicago.

Apa ndiye pamene ndimasiyanitsa zinthu ziwiri. Kumene dzina lachokera ndi kwina, zimene anthu amalisenzetsa pambuyo pake ndi zinanso. Amene anayamba kunena kuti White House ankanena za laimu. Amene anakwiya mu 1901 ankanena za khungu, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mkangano wa dzinawu umaphimba nkhani yaikulu. Kodi miyala ija anaikumba ndani? Akuluakulu oyang'anira ntchito ankayembekeza kupeza antchito ambiri ochokera ku Ulaya, koma anabwera ochepa. Kunabwera amisiri osema miyala a ku Scotland, inde, ndi ena olembedwa ntchito, akuda ndi azungu omwe. Koma ntchito yambiri yakalavulagaga, yokumba miyala, kugwetsa ndi kucheka mitengo, kuumba ndi kuwotcha njerwa, inagwiridwa ndi akapolo obwerekedwa kwa eni awo. Malipiro a pamwezi ankapita m'thumba la mwini kapoloyo. M'mabuku a malipiro ambiri analembedwa dzina limodzi lokha, popanda la bambo kapena la mtundu. Mwa akalipentala munali Ben, Daniel ndi Peter, akapolo a Hoban mwini wake.

Pulezidenti John Adams atalowa m'nyumbamo mu 1800, isanathe bwinobwino kumangidwa, ukapolo sunathere pakhomo. Adams analibe akapolo, koma apulezidenti Thomas Jefferson, James Madison ndi Andrew Jackson anabwera nawo awo kuti aziphika, kuchapa ndi kuperekera zakudya. Mmodzi wa akapolo a Madison, Paul Jennings, anali mnyamata wa zaka 15 tsiku limene asilikali a Britain ankayandikira mu 1814. Anali atayala kale tebulo la chakudya, ndipo anathandiza nawo kupulumutsa chithunzi chachikulu cha George Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo, chimene chili m'nyumbamo mpaka lero. Ufulu wake anadzaupeza mu 1847, atachita kuugula ndi ndalama.

Mu 2016 Michelle Obama, mkazi wa pulezidenti wa nthawiyo Barack Obama, ananena pamsonkhano waukulu wa chipani chake kuti m'mawa uliwonse amadzuka m'nyumba yomangidwa ndi akapolo. Anthu ena anadabwa, ena anatsutsa, mpaka akatswiri a mbiri anachita kutulutsa mabuku a malipiro aja. Mwana wanga uja nditamufotokozera zonsezi, anakhala kaye chete, kenaka anandipempha kuti ndimulembere pa bolodi mayina a akalipentala atatu aja.