Wothyoka msana angayendenso? Apa ndi pomwe kafukufuku wafika

Ife a fizo, amene timathandiza odwala kulimbitsa thupi kuti ziwalo zigwirenso ntchito, funso lomwe timafunsidwa kwambiri ndi magadiyani ndi lakuti, kodi ayendanso amenewa? Yankho lake limatengera kuti chawonongeka ndi chani kwenikweni. Fupa la msana palokha limapola bwinobwino. Vuto ndi mtsempha waukulu umene umadutsa mkati mwa mafupawo kuchokera ku ubongo, umenewu ukaphwanyika uthenga sudutsanso, ubongo umalamula mwendo koma mwendo osamva, chikhodzodzo ndi matumbo nazonso osamva. Mitsempha ya m'manja kapena m'miyendo ikaduka imatha kuphukanso pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, koma wa mumsanawu ayi, pamalo povulalapo pamabwera chipsera komanso muli zinthu zina zomwe zimaletsa kuphukako. Chimodzi mwa izo, chotchedwa Nogo, anachitulukira ndi Martin Schwab ku Zurich.

Koma nachi chomwe chimandipatsa mtima. Kunsi kwa povulalapo mtsempha uja umakhala udakali wamoyo. Zili ngati mlatho wakokoloka koma nsewu uli bwino tsidya lino ndi tsidya linalo. Ndiye ku Lausanne, dziko la Switzerland, Grégoire Courtine ndi dotolo wa opaleshoni ya ubongo Jocelyne Bloch anaganiza zoti m'malo modikira mtsempha ulumikizane, bwanji tingoupatsa timagetsi kunsiko. Amaika kachipangizo pamwamba pa mtsempha cha m'chiunomu, kamene kamatumiza magetsi ochepa kwambiri motsatana ndendende ndi m'mene minofu imagwirira munthu akamaponya phazi. Mu 2018 amuna atatu anayenda ndi njira imeneyi. Mu 2022 analengeza za Michel Roccati wa ku Italy, amene miyendo inaferatu atachita ngozi ya njinga yamoto mu 2017, nayenso anaimirira nkuyenda atagwira choyendera. Kenako mu 2023 kunabwera nkhani ya Gert-Jan Oskam wa ku Netherlands yemwe anavulala pa njinga yakapalasa ku China mu 2011. Uyu anamuika tizipangizo tiwiri m'chigaza towerenga ubongo, akangoganiza zoyenda kompyuta imatola ganizolo nkulitumiza ku kachipangizo ka kumsana, mpaka kukwera masitepe. Chodabwitsa nchakuti atachita mafizo kwa miyezi ndithu anayamba kuyendako ndi ndodo ngakhale makinawo atathimitsidwa.

Musanathamange mtima, awa ndi anthu owerengeka, aliyense ali ndi gulu lonse la akatswiri kumbuyo kwake, ndipo mtsempha wawo sunapole, angoulambalala basi. Amene akuyesa kukonza mtsempha weniweniwo alipo, ku Keio University ku Japan gulu la Hideyuki Okano linaika maselo opangidwa mu labu kuchokera ku ma stem cell (maselo otha kusanduka maselo a mitundu ina) mwa odwala anayi, ndipo mu 2025 ananena kuti awiri anasinthako, mmodzi mpaka kuimirira. Anayi okha, cholinga chachikulu chinali kuona ngati maselowo ali osaopsa. Nde mukaona malonda pa Facebook akuti bwerani kunja kuno tikubayeni ma stem cell muyende, chonde musagulitse munda, chithandizo chotsimikizika cha mtundu umenewo sichinafike.

Chomwe chinapulumutsa anthu ambiri mpaka lero sichodula ayi. Ludwig Guttmann atatsegula wodi ya ovulala msana ku Stoke Mandeville ku England mu 1944, ambiri ankafa osati ndi msana koma zilonda za pabedi ndi matenda a njira ya mkodzo. Iye analamula kuti wodwala azitembenuzidwa maola awiri aliwonse usana ndi usiku, katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo) aziikidwa mwaukhondo, ndipo anthu azichita masewera, mpikisano wake wa 1948 ndi umene unadzabala Paralympics, masewera a dziko lonse a anthu olumala. Kwathu kuno nkhondo idakali yomweyo. Mnyamata wa kabaza, bambo wogwa mu mtengo wa mango, mayi amene TB yalowa mumsana, akatuluka m'chipatala amakagona pamphasa tsiku lonse, chilonda chimayamba pathako ngati kufiira chabe ndipo pakapita masabata chafika pafupa. Zimandiwawa chifukwa izi nzopeweka. Ngakhale pa ngozi pomwepo, kumupinda munthu pomulowetsa mu galimoto kumatha kumalizitsa mtsempha umene unali utangovulala pang'ono, agonekedwe chowongoka pa chinthu cholimba, mutu ndi khosi wina atagwira zisagwedezeke, afike kuchipatala msanga poti opaleshoni yochotsa chopanikiza mtsempha imathandiza kwambiri ikachitika m'maola 24 oyambirira.

Achinyamata amene mukusankha kosi, ntchito ilipo kuno ndipo si ya madotolo okha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 15 miliyoni padziko lonse ali ndi vuto limeneli. Digiri ya fizo ikuphunzitsidwa ku KUHeS, za makina a chipatala zili ku MUBAS ndi ku MUST, ndipo ntchito ya ku Lausanne ija gawo lalikulu ndi la mainjiniya ndi olemba mapulogalamu a kompyuta. Ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo ndi msana pa Kamuzu Central, ku Blantyre kuli Kachere komwe anthu amaphunzira moyo watsopano pa wilutcheya. Pakufunika manesi odziwa zilonda ndi katheta, ophunzitsa munthu kuvala ndi kuphika yekha, alangizi a maganizo, komanso okonza mawilutcheya omuyeza munthu bwino ndi kupirira misewu yathu yafumbi. Kafukufuku nayenso sikuti mpaka labu yodula, kungowatsatira odwala akabwerera kumudzi nkulemba bwino zomwe zimawachitikira ndi ntchito imene ingasinthe kasamalidwe kawo. Ngati muli ku sekondale limbikirani bayoloje, fizikisi, kemisitiri ndi masamu, ndipo pa holide pemphani chilolezo mukaone m'mene a fizo amagwirira ntchito pa chipatala cha boma chapafupi.