Madzi m'mimba, m'chifuwa kapena pamtima: kupopa kokha sikuchiza

Tikamuuza munthu kuti sikani yaonetsa madzi m'mimba kapena m'chifuwa, funso loyamba limakhala loti adokotala nanga madziwo alowa bwanji, kapena ndimamwa madzi ambiri? Ayi ndithu, si madzi akumwa aja. Amachokera m'magazi anu omwe.

Mapapo akutidwa ndi kachikopa kopyapyala kotchedwa pleura, mtima uli m'kathumba kake kotchedwa pericardium, ndipo matumbo ndi chiwindi zili m'china chotchedwa peritoneum. M'malo onsewa mumakhala timadzi pang'ono toti ziwalo zizitererana osakhulana, kumtima ndi mamililita 15 mpaka 50 basi. Timadziti timadontha kuchokera m'timitsempha ta magazi n'kumayamwidwanso usana ndi usiku, nde vuto limayamba pomwe odontha achuluka kuposa obwerera.

M'mimba, gwero lalikulu ndi chiwindi chomwe chauma ndi zipsera, matenda aja timati cirrhosis, kaya chifukwa cha mowa wa zaka zambiri, kaya hepatitis B kapena C, ndipo likodzo la m'matumbo nalo limatha kuumitsa njira za magazi m'chiwindi. Magazi onse ochokera m'matumbo amayenera kudutsa m'chiwindi, nde chikauma amapanikizana kumbuyo, madzi n'kumafinyikira m'mimba. Komanso chiwindi chomwecho ndi chomwe chimapanga puloteni yotchedwa albumin yomwe imagwira madzi kuti akhale m'mitsempha, ikachepa madzi amangothawa, pamenepo impso zimaona ngati thupi lauma nde zimayamba kusunga mchere ndi madzi, zinthu n'kumaipiraipira. Ndi chifukwa chake mumaona munthu manja oonda, nkhope yolowa, koma mimba ili tiii, yonyezimira, mchombo utatuluka, mitsempha ikuonekera pakhungu, mapazi otupa oti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Mtima wofooka umatha kubweretsa zomwezi, impso zotaya puloteni mumkodzo chimodzimodzi. Pena mitsempha ilibe vuto koma kachikopa kaja ndi komwe kadwala ndi TB, chibayo kapena khansa, n'kumatulutsa madzi.

Poyeza timayamba ndi zala. Timaika dzanja pachifuwa kapena pamimba n'kumagogoda, pomwe pali mpweya pamalira ngati mulibe kanthu, pomwe pali madzi pamangomveka phii. Kenako timamuuza wodwala kuti agonere mbali, madzi amatsikira pansi ndipo kulira kuja kumasintha malo. Njira yogogodayi anailemba mu 1761 dokotala wa ku Vienna dzina lake Leopold Auenbrugger, mpaka lero ikugwirabe ntchito, kungoti m'mimba imafuna madzi akhale atafika kale pafupifupi lita ndi theka pomwe sikani imaona olo mamililita 100.

Koma kuona kuti madzi alipo ndi poyambira chabe. Chomwe ine ndimalimbikira ndi kutengako pang'ono ndi singano kupita nawo ku labu, ndipo apa mpomwe achibale ambiri amakana. Madziwo akangolowa mu sirinji amayamba kale kutiuza nkhani: achikasu oyera bwino, a mbuu ngati mafinya, ofiira ndi magazi, pena oyera ngati mkaka. Ku labu amayeza puloteni ndi maselo, amafufuza tizilombo ta TB ndi maselo a khansa. Pa madzi a m'chifuwa timagwiritsabe ntchito muyezo womwe Richard Light anatulutsa mu 1972, wosiyanitsa madzi ofinyika chifukwa cha mtima, chiwindi kapena impso ndi madzi a kachikopa kodwala. Kusiyana kwake n'kwakukulu zedi, wina afunika mankhwala okodzetsa pomwe mnzake afunika mankhwala a TB miyezi 6.

Nde pali mphekesera ija yoti akakupopa madzi ndiye kuti zako zada, amabwerera ochuluka. Zoona amabwerera, koma si singano yomwe yawaitana, chomwe chimawapanga chija chikadalipo. Kupopa kumathandiza kuti munthu apume, adye, agone, ndipo timapopa mosamala: m'chifuwa nthawi zambiri sitipitirira lita ndi theka pa ulendo umodzi, m'mimba tikachotsa opitirira malita 5 pamafunika kumuika albumin pa dripi kuti impso zisavulale.

Pamtima nkhani si kuchuluka kwa madzi koma liwiro lake. Akamabwera pang'onopang'ono kathumba kaja kamatamuka mpaka kusunga lita yathunthu munthu akuyenda, koma mamililita 150 okha obwera mwadzidzidzi, mwachitsanzo magazi pambuyo pobayidwa pachifuwa, amaufinya mtima n'kulephera kudzaza magazi. BP imatsika, mitsempha ya m'khosi imatupa, munthu amabanika. Imeneyo siyodikira mawa.

Kwa amene ali ndi madzi m'mimba chifukwa cha chiwindi, ambiri amasiya kumwa madzi poganiza kuti akuthandiza, chonsecho mdani ndi mchere, osapitirira pafupifupi magalamu 5 patsiku kuphatikizapo wobisika m'zakudya zogula zokonzeratu. Mowa ndiye kusiyiratu. Mankhwala okodzetsa a spironolactone ndi furosemide imwani momwe mwauzidwira, muzidziyeza pa sikelo m'mawa uliwonse, ndipo chonde brufen ndi diclofenac ayi, amawononga impso za anthu otere mwachangu. Munthu wa madzi m'mimba akayamba kutentha thupi, kumva kupweteka m'mimba, kusokonezeka mutu kapena kugona kwambiri masana, mwina tizilombo talowa m'madzimo, ndipo akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii mwina mtsempha waphulika mkati, zonsezi thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo olo kukhale usiku.