Mbiri ya Mchape ndi Akatswiri Amene Anaufufuza Kuno Kum'mawa

Agogo athu a ku Katete ndi ku Chipata akamakamba za mchape, gulu losaka afiti ndi kuyeretsa midzi, amaukamba ngati nkhani ya m'mudzi mwawo mokha, osadziwa kuti zimene zinkachitika pabwalo la amfumu zinalembedwa ndipo mpaka lero zimawerengedwa m'mayunivesite akutali. Chigawo chino cha Kum'mawa kwa Zambia chili pamphambano ya Malawi ndi Mozambique, choncho chiphunzitso chatsopano chochokera kutsidya la Mchinji chinkapondanso kuno, ndipo m'mbuyo mwake munkabwera ofufuza atagwira makope awo.

Mchape woyamba unachokera ku Nyasaland (Malawi wa lero) n'kufalikira mu Northern Rhodesia (Zambia wa lero) cha m'ma 1933 ndi 1934. Anyamata ovala zachizungu ankafika pamudzi, n'kundandalika anthu pamzere, n'kumawayang'ana pagalasi mmodzimmodzi. Wopezeka ndi mlandu ankauzidwa kuti atulutse nyanga zake, kenako mudzi wonse unkamwa mankhwala ofiirira, amene ankati adzapha aliyense wobwerera ku ufiti. Wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Audrey Richards, amene anaziona yekha pakati pa Abemba mu 1934, analemba chaka chotsatira kuti gululi linakula chifukwa moyo wa m'midzi unali utasokonekera. Amuna anali atapita kumigodi, ndipo boma la atsamunda linali litaletsa mwabvi ndi kuloza munthu ufiti, osapatsa anthu njira ina yothetsera mantha awo.

Wofufuza amene anakhalitsa pakati pa Achewa ndi Max Marwick. Iye anafika m'boma la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata, mu 1946, ndipo mu 1947 anakumana ndi gulu la aneneri awiri, Bwanali ndi Mpulumutsi, limene linasakaniza mankhwala oteteza ku ufiti ndi ulaliki wachikhristu. Nzeru yake inali yakuti sanatengeke ndi mneneri yekhayo. Anakhala pansi n'kumafunsa za maliro ndi matenda, mlandu umodziumodzi: wamwalira ndani, akuganiziridwa ndani, nanga awiriwo pali ubale wanji? Anapeza kuti kawirikawiri woganiziridwayo sanali mlendo ayi, koma wachibale wa kuchikazi, ndipo pansi pa nkhaniyo pankakhala mkangano wa ng'ombe, chuma chamasiye kapena funso la amene ayenera kuyang'anira mbumba. Mchewa aliyense amene anakhalapo pamaliro n'kumva manong'onong'o a kuseri kwa nkhokwe angavomereze kuti mzunguyo anamvetsera bwino. Chimene sanachipatse malo okwanira, m'kuona kwanga, n'chakuti anthu oyenda mitunda italiitali kukafuna Bwanali ankafunadi kuyeretsedwa, ndipo njala ya mumtima yoteroyo singafotokozedwe yonse ndi mikangano ya pachibale.

Nkhani ya Lumpa ndiyo inavuta kwambiri kuilemba, chifukwa munakhetsedwa mwazi. Mpingo wa Lumpa, wotsogozedwa ndi Alice Lenshina, unayambira ku Chinsali pambuyo pa masomphenya ake a mu 1953, ndipo nawonso unkauza anthu kuti apereke nyanga ndi zithumwa asanabatizidwe. Unazika mizu mpaka ku Lundazi. Kumayambiriro kwa Ogasiti 1964, patatsala miyezi yosakwana itatu kuti dziko la Zambia lilandire ufulu, otsatira ake anaukira boma la Lundazi, mpingowo unaletsedwa, ndipo patapita masiku ochepa anthu a Lumpa a pamudzi wa Paishuko anaphedwa mwankhanza ndi anansi awo. Chiwerengero cha boma cha akufa pa nkhondo yonseyo chinapitirira 700. Kwa zaka zambiri a Lumpa ankangotchedwa anthu otentheka mutu. Andrew Roberts anayamba kuika nkhaniyi m'mbiri yake yeniyeni, Wim van Binsbergen anaiona ngati kuwukira kwa alimi okana kulamulidwa ndi boma, mafumu ndi chipani, pamene David Gordon, amene analemba pambuyo pake, anatsindika kuti a chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda ndi a Lumpa omwe ankaona mkanganowo ngati nkhondo yolimbana ndi mizimu yoipa. Atatuwa sagwirizana pa zonse, koma palibe mwa iwo amene anakhutira ndi mawu akuti misala.

Apa m'pamene pagona vuto la ntchito yawo. Zolembedwa zakale zambiri zinachokera kwa mabwanamkubwa a boma, apolisi ndi amishoni, anthu amene gulu latsopano lililonse linkawasowetsa tulo. Wofufuza wodalira mafayilo okhawo amangotengera mantha a amene anawalemba.

Mchape sunathere m'nthawi ya atsamunda. Mu 1988 wofufuza wina, Mark Auslander, akukhala m'midzi ya Angoni a Mpezeni, anaona munthu wotchedwa Dokotala Moses akuyenda ndi anyamata ake, galasi lili m'manja monga zinalili zaka zoposa 50 m'mbuyomo. Nthawi imeneyo chuma cha dziko chinali chitalowa pansi, achinyamata anali kubwerera kumudzi opanda kanthu kuchokera m'matauni, ndipo amene anaimitsidwa pamzere n'kunenedwa kuti atseka mimba za atsikana ndi kutsekereza mwayi wa anyamata anali makamaka okalamba, ambiri mwa iwo amayi.